Mawailesi Omvetsera Asanayankhule

Kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti chaka cha 2004, mzinda wa New York unali yakaliyakali. Chipani cha Republican chinkachititsa msonkhano wake waukulu kumeneko, ndipo apolisi, atolankhani ndi alendo anali piringupiringu m'misewu, aliyense foni kapena wailesi yolankhulirana ili m'manja. Masiku omwewo akatswiri a kampani ya Shared Spectrum Company anatchera zipangizo zawo tsidya lina la mtsinje wa Hudson kuti ayeze kuchuluka kwa mafunde a wailesi amene ankagwiradi ntchito, kuyambira pa 30 MHz kukafika pa 3 GHz. Zotsatira zake zinadabwitsa ambiri. Mumzinda wotanganidwa chonchi, pa sabata yotanganidwa chonchi, mafunde amene ankagwira ntchito anali pafupifupi magawo 13 okha pa magawo 100 aliwonse. Otsalawo anali zii.

Komatu papepala malo onsewo ali ndi eni ake. Chiyambireni ngozi ya sitima ya Titanic mu 1912, pamene mauthenga okhudza ngoziyo anasokonezedwa ndi mawailesi ena olankhula mwachisawawa, maboma akhala akugawa mafunde mosamala kwambiri: awa a ndege, awa a asilikali, awa a wailesi yakanema, awa a mafoni. Bungwe la ITU ku Geneva ndi limene limagwirizanitsa mayiko pa nkhaniyi, ndipo dziko lililonse lili ndi bungwe lake lopereka ziphaso, monga FCC ku America, Ofcom ku Britain, ZICTA ku Zambia ndi MACRA ku Malawi. Ziphasozo si zotchipa. M'chaka cha 2000 boma la Britain linagulitsa ziphaso zisanu za mafoni a 3G pa mtengo wa mapaundi 22.5 biliyoni.

Ndiye vuto lake nali: ofuna malo akulimbirana ndi ndalama zankhaninkhani, pamene malo ambiri ogawidwa kale angokhala osagwira ntchito nthawi yaitali ya tsiku. Zili ngati munda watsala umene mwini wake sakulima chaka chino, oyandikana nawo akusowa pobzala. Kubwereka n'kotheka, bola wobwerekayo adziwe kuti mwini munda akangotulukira ndi khasu, iye achoke osawiringula, asanaponde ngakhale mzere umodzi.

Maganizo opanga wailesi yodziwa kubwereka motere anatchuka ndi katswiri wa ku America, Joseph Mitola III, amene ankachita maphunziro ake apamwamba pa sukulu ya KTH mumzinda wa Stockholm ku Sweden. Mu 1999 iye ndi Gerald Maguire analemba nkhani yofotokoza chimene anachitcha cognitive radio, wailesi yotha kuzindikira zimene zikuchitika mlengalenga moizungulira n'kusintha yokha kayankhulidwe kake. Mu 2002 gulu la akatswiri a FCC linavomereza kuti vuto lalikulu si kuchepa kwa mafunde koma kagawidwe kake, ndipo mu 2005 Simon Haykin wa ku McMaster University ku Canada analemba nkhani ina imene inakokera ofufuza ambirimbiri ku phunziroli. Lamulo la wailesi yotereyi ndi lalifupi. Isanatumize kanthu, imvetsere kaye. Ikapeza tchanelo yopanda munthu, ilankhule. Mwini tchanelo akangobwera, isamuke.

Kumvetserako ndiye kunavuta.

Njira yapafupi, imene masamu ake anafotokozedwa ndi Harry Urkowitz kale mu 1967, ndi yongoyeza mphamvu yopezeka pa tchanelo. Ikapitirira mulingo woikidwa, ndiye kuti mwini wake alipo. Koma chipangizo chilichonse cholandira mafunde chili ndi phokoso lakelake, lija limamveka kuti shiii pa wailesi ikakhala pakati pa masiteshoni awiri. Phokosolo limachokera ku kutentha kwa ziwiya za m'kati, ndipo limasinthasintha. Siginolo ya mwini tchanelo ikafika yofooka kuposa phokosolo, wailesi imasowa chosiyanitsira. Munthu angaganize kuti kumvetsera nthawi yaitali kungathetse vutoli, ndipo mpaka pamlingo wina kumathandizadi. Koma Rahul Tandra ndi Anant Sahai a ku University of California, Berkeley anaonetsa kuti pali malire amene kudikira sikuthandizanso: ngati wailesi sikudziwa bwinobwino kukula kwa phokoso lake lomwe, pali siginolo zina zofooka zimene singazimve ngakhale itatchera khutu chaka chathunthu.

Pali njira zina zochenjererapo, zofufuza zizindikiro zimene siginolo ya TV imakhala nazo koma phokoso lilibe. Zimamva patali, koma zimafuna nthawi, magetsi ndi ziwiya zodula, komanso zimafuna kuti wailesi idziwiretu maonekedwe a chimene ikusakacho.

Nanga n'chifukwa chiyani wailesi iyenera kumva siginolo yofooka chomwecho? Tiyerekeze nsanja ya TV ili pamwamba pa phiri. Kutsidya kuli nyumba imene eriyo yake ili padenga, yoloza kunsanjako, ndipo banja likuonera mpira bwinobwino. Pamtunda wa mamita ochepa, pansi, kuseri kwa nyumba yosanja ya konkire, pali kachipangizo kofuna kubwereka tchanelo. Nyumba yosanjayo yatchinga mafunde a nsanja ija, ndipo kachipangizoko sikakumva kalikonse. Kakuganiza kuti kulibe munthu, kayamba kulankhula, ndipo chithunzi cha mpira chija chikuduka. Kachipangizoko sikananame, kanena zimene kamva. Cholakwika n'chakuti kamvetsera pamalo olakwika, ndipo kalibe njira yodziwira kuti kali pamthunzi. Choipiraponso, TV yosokonezedwayo siyankhula. Imangolandira, motero palibe chipangizo chimene chingaimve kuti ili pafupi.

Pofuna kutseka mpata umenewu, a FCC analamula kuti chipangizo chodalira kumvetsera chizitha kuzindikira siginolo ya TV yofooka mpaka kufika pa -114 dBm. Nambalayi ikutanthauza siginolo yofooka pafupifupi ka 1,000 kuyerekeza ndi imene TV imafuna kuti ionetse chithunzi, yomira pansi pa phokoso la tchaneloyo. Kupanga chipangizo chotchipa chakumva chomwecho ndi ntchito yotuluka nayo thukuta. Mu 2007 a FCC atayesa zipangizo zoyambirira, cha kampani ya Microsoft chinalephera, ndipo kampaniyo inati chimene chinayesedwacho chinali chowonongeka. Mu 2008 anayesanso zina, mpaka kuzitengera ku bwalo la mpira la FedExField ndi ku nyumba ya zisudzo ya Majestic Theatre ku Broadway, kuti aone ngati zingazindikire mamaikolofoni opanda nthambo, amenenso ankagwiritsa ntchito matchanelo a TV. Zina zinkaphonya siginolo yoti ilipo. Zina zinkamva mopyola muyeso, n'kumanena kuti tchanelo ili ndi mwini pamene ili yopanda kanthu. Mkangano unakula kwambiri moti ngakhale woimba wotchuka Dolly Parton analembera kalata a FCC kuwapempha kuti asapupulume.

Apa m'pamene maganizo omvetsera mogwirizana amalowera. Ngati chipangizo chimodzi chili pamthunzi, n'zokayikitsa kuti zinzake zonse zomwazikana m'deralo zilinso pamthunzi nthawi yomweyo. China chili pakhonde la m'mwamba, china pamtetete, china kumbali ina ya phiri. Zonse zikamvetsera n'kuuzana zimene zamva, chimodzi chokha chakumva chingapulumutse gulu lonse. Amir Ghasemi ndi Elvino Sousa a ku University of Toronto anasonyeza phindu la njirayi mu 2005, ndipo chaka chotsatira gulu la ku Berkeley, la Shridhar Mishra, Anant Sahai ndi Robert Brodersen, linaonetsa kuti mgwirizano umachepetsa kwambiri kukhwima kwa khutu kofunika pa chipangizo chilichonse.

Masamu ake aliyense angawatsatire. Tinene kuti chipangizo chimodzi chimaphonya mwini tchanelo maulendo 30 pa maulendo 100. Chimenecho n'chipangizo chosadalirika, ndipo palibe bungwe lingachilole. Koma zikakhala zitatu, pamalo osiyana, mwayi woti zonse ziphonye pamodzi umatsika kufika pochepera maulendo atatu pa 100. Zikakhala zisanu, umatsika kufika pa maulendo awiri kapena atatu pa 1,000. Zipangizo wamba zisanu zachita zimene chimodzi chodula chikanavutika nazo.

Malipoti onsewo amapita pamalo amodzi, kawirikawiri ku siteshoni yaikulu ya netiweki, kumene chigamulo chimapangidwa. Funso n'lakuti chigamulocho chipangidwe motani. Lamulo losamala kwambiri limati chipangizo chimodzi chokha chikanena kuti mwini wake alipo, onse akhale chete. Lamuloli limateteza bwino mwini tchanelo, koma lili ndi mtengo wake. Chipangizo chilichonse nthawi zina chimachenjeza pachabe, chitasokonezeka ndi phokoso lake lomwe. Ngati chilichonse chimatero kamodzi pa maulendo khumi, ndipo zipangizozo zilipo khumi, ndiye kuti pafupifupi maulendo 65 pa 100 padzapezeka chimodzi chokuwa popanda chifukwa. Tchanelo yoti ili mbee idzakhala ikusiyidwa nthawi zambiri, ndipo cholinga chonse chobwereka chidzapita m'madzi. Lamulo la mbali inayo, lodikira kuti zonse zigwirizane kuti mwini wake alipo, ndi loika moyo pachiswe, chifukwa chimodzi chokhala pamthunzi chingasocheretse gulu. Ambiri amasankha zapakati: chiwerengero chakutichakuti pa gulu chikavomereza, basi. Ena amati zipangizo zisamangoyankha kuti inde kapena ayi, koma zizitumiza muyeso weniweni wa mphamvu imene zamva, kuti siteshoni ione kuti ndi chiti chamva motsimikiza ndipo ndi chiti chikungopenekera. Chigamulo chotere chimakhala chabwinopo, koma malipoti ake amakhala aatali.

Utali wa malipoti si nkhani yaing'ono. Malipotiwo amafunanso mafunde oti adutsemo, ndipo nthawi imene zipangizo zikumvetsera ndi kufotokozerana ndi nthawi imene sizikutumiza uthenga wa munthu aliyense. Muyeso wa IEEE 802.22, umene gulu lake linayamba ntchito mu 2004 n'kuutulutsa mu 2011 pofuna kufikitsa intaneti kumidzi kudzera pa matchanelo a TV, unakonza zoti zipangizo zonse za m'dera zizikhala duu nthawi imodzi kwa kamphindi, kuti zisamamve mawu a zinzake n'kumati ndi a mwini tchanelo. Unalamulanso kuti mwini wake akabwera azindikiridwe pasanathe masekondi awiri, molondola maulendo 90 pa 100, ndipo machenjezo achabe asapitirire 10 pa 100.

Masamu okoma aja amabisanso kanthu kena. Amagwira ntchito pokhapokha ngati mthunzi wa chipangizo ichi sukukhudzana ndi wa chinzake. Zipangizo makumi awiri zounjikana kuseri kwa phiri limodzi n'chimodzimodzi chipangizo chimodzi. Zochepa zomwazikana patali zimaposa zambiri zothithikana.

Ndiye pali abodza. Netiweki yodalira malipoti a anthu ambiri imakopa wofuna kudyerapo. Chipangizo chosinthidwa mwadala chingamanene nthawi zonse kuti tchanelo ili ndi mwini, anzake athawe, icho chitsale chokha. China chingatengere kayankhulidwe ka nsanja ya TV kuti chiopseze ena, chinyengo chimene Ruiliang Chen ndi Jung-Min Park a ku Virginia Tech anachifotokoza mwatsatanetsatane. Ofufuza anayankha ndi njira zosunga mbiri ya chipangizo chilichonse: chimene malipoti ake amasemphana kawirikawiri ndi a gulu, mawu ake amapepuka. Koma chipangizo chosemphana ndi gulu nthawi zina ndi chija chokhacho chimene chili pamalo abwino n'kumva zoona, ndipo kusiyanitsa wabodza ndi wakumva yekha si ntchito yamasewera.

Kupatula kumvetsera pamodzi, mbali yachiwiri ya mgwirizano ndi kupatsirana uthenga. Chipangizo chapakati chimalandira zimene mnzake watumiza n'kuzipititsa patsogolo. Maganizowa ndi akale kuposa cognitive radio. Edward van der Meulen anawayala m'masamu mu 1971, Thomas Cover ndi Abbas El Gamal anawakuza mu 1979, ndipo mu 2004 Nicholas Laneman, David Tse ndi Gregory Wornell anasonyeza momwe zipangizo wamba za eriyo imodzi zingathandizirane. Pali njira ziwiri zodziwika. Yoyamba, chapakaticho chimangokweza mphamvu ya chilichonse chimene chamva n'kuchitumiza. N'chachangu ndi chosavuta kupanga, koma chimakwezanso phokoso. Yachiwiri, chimayamba chamasulira uthengawo, n'kuutumizanso woyera. Phokoso limatsala, koma chikamasulira molakwa, cholakwacho chimapita patsogolo ngati choona.

Kwa wobwereka mafunde, kupatsirana kuli ndi phindu lapadera: kumamulola kulankhula chapansipansi. M'mizinda ya nyumba zothithikana, mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu yofika kwa wolandira imatha kutsika mpaka ka 16. Motero uthenga wodumpha kawiri mitunda yaifupi umafuna mphamvu yochepa kwambiri kusiyana ndi wokuwa kamodzi mtunda wonse, ndipo mwini tchanelo amene ali chapatali sasokonezeka. Kupatsirana kumathandizanso pamene zipangizo ziwiri zilibe tchanelo yofanana yopanda munthu. Chachitatu chingalandire pa tchanelo iyi n'kutumiza pa inayo. Ghurumuruhan Ganesan ndi Ye Li a ku Georgia Tech anaphatikiza mbali ziwirizi: chipangizo chimene chili pafupi ndi nsanja ya mwini tchanelo chikamapatsira mnzake uthenga, chimamupatsiranso kamphekesera ka siginolo ya nsanjayo, ndipo wapamthunziyo amazindikira msanga. Choipa chake n'chakuti zipangizo zambiri sizitha kulandira ndi kutumiza pa tchanelo imodzi nthawi yomweyo, choncho uthenga umodzi umadya nthawi ziwiri.

Ena anafika poganiza za malonda enieni. Osvaldo Simeone ndi anzake anafotokoza dongosolo limene wobwereka amanyamulira mwini tchanelo uthenga wake kukafika kumene mafunde ake safika bwino, ndipo mwini wakeyo amamulipira pomupatsa kanthawi kogwiritsa ntchito tchanelo. Ndi maganizo okoma, koma akhala kwambiri m'mapepala a ofufuza kusiyana ndi m'misika. Kampani imene yalipira mabiliyoni siifulumira kupereka mauthenga a makasitomala ake m'manja mwa zipangizo za alendo. Kupatsirana kumene kunalowadi m'mafoni, m'miyeso ya LTE-Advanced ndi 5G, ndi kwa zipangizo za kampani imodzi yomweyo, zimene imazikhulupirira chifukwa ndi zake.

Pa nkhani ya matchanelo a TV, kumvetsera kunagonja kwa njira ina yosayembekezeka. Pa 4 Novembala 2008, tsiku limene Barack Obama anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa America, a FCC analola zipangizo zopanda ziphaso kugwiritsa ntchito matchanelo a TV osagwira ntchito, zitamvetsera komanso zitafunsa nkhokwe ya pa intaneti. Mu Sepitembala 2010 anachotsa lamulo lomvetsera kwa zipangizo zofunsa nkhokweyo. Chifukwa chake n'chomveka. Nsanja ya TV siyenda. Malo ake, mphamvu yake ndi tchanelo yake zinalembedwa kale ku boma. Chipangizo chingodziwa pamene chili kudzera pa GPS, chifunse nkhokwe, ndipo chiuzidwa matchanelo amene chingagwiritse ntchito. Ofcom nayo inatsata njira ya nkhokwe, chimodzimodzi ICASA ya ku South Africa m'malamulo ake a 2018.

Ku Africa kuno ntchito zoyeserera zinayamba mu 2013. Ku Cape Town sukulu khumi zinalumikizidwa pa intaneti kudzera pa matchanelo a TV, mothandizidwa ndi Google ndi bungwe lofufuza la CSIR, mumzinda umene masiteshoni a TV ndi ambiri, dala pofuna kuona ngati oonera angasokonezeke. Ku Kenya, Microsoft inathandiza ntchito ya Mawingu kudera la Nanyuki. Ku Zomba, akatswiri a Chancellor College motsogozedwa ndi Chomora Mikeka, mogwirizana ndi MACRA ndi bungwe la ICTP la ku Trieste ku Italy, anayamba ayeza kaye mafunde a UHF ndi zipangizo zotchipa, napeza kuti matchanelo ambiri ali opanda kanthu, kenako n'kulumikiza malo angapo kuphatikizapo sukulu ya atsikana ya St Mary's. Mafunde a UHF amayenda mtunda wautali ndipo amapyola mitengo bwino kuposa a Wi-Fi, n'chifukwa chake anakopa anthu oganizira za kumidzi.

Kunena kuti kumvetsera kunafera pomwepo kungakhale kulakwitsa. Kunapulumuka pamene mwini mafunde salembedwa m'kaundula wa aliyense. Rauta ya Wi-Fi ya 5 GHz imagawana matchanelo ena ndi makina a radar a zanyengo ndi a asilikali. Isanayambe kulankhula pa matchanelo amenewo imamvetsera kwa mphindi imodzi, ndipo ikamva radar imachoka pasanathe masekondi khumi n'kukhala mphindi 30 osabwererapo. Imeneyi ndi rauta yomvetsera yokha, ndipo mavuto a khutu limodzi anaonekera: mu 2009 akuluakulu a zandege ku America anapeza kuti makina a radar a zanyengo a pabwalo la ndege ku San Juan, Puerto Rico, akusokonezedwa ndi zipangizo za 5 GHz, zina zolephera kumva radar, zina zimene eni ake anazimitsa dala mbali yomvetserayo.

Kumvetsera kogwirizana kwenikweni kunadzaoneka pa mafunde a pakati pa 3550 ndi 3700 MHz ku America, amene amatchedwa CBRS. Eni ake akale ndi asilikali a pamadzi, amene radar ya pa sitima zawo zonyamula ndege imagwiritsa ntchito mafunde amenewa. Sitimazo zimayenda, ndipo asilikali sangalembe m'nkhokwe ya poyera kuti mawa adzakhala pati. A FCC anakhazikitsa malamulo ake mu 2015, ndipo ntchito yamalonda inatsegulidwa kwathunthu mu Januwale 2020. M'mphepete mwa nyanja anaikamo mndandanda wa zipangizo zimene ntchito yake ndi kumvetsera basi. Zikamva radar zimadziwitsa makompyuta oyendetsa mafundewo, a makampani ngati Google ndi Federated Wireless, ndipo masiteshoni a m'dera lokhudzidwa amasamutsidwa kapena kuzimitsidwa pasanathe mphindi zisanu. Malamulo amaletsa zipangizozo kusunga kapena kuulula kumene sitima ili.

Dongosololi likusiyana ndi loto la ofufuza a m'ma 2005 pa mfundo imodzi yaikulu. Omvetserawo si mafoni a anthu wamba ongokumana pamsewu. Ndi zipangizo zoikidwa pamalo osankhidwa, zoyesedwa ndi kuvomerezedwa ndi boma, zokhala ndi mwini wodziwika woti angafunsidwe zinthu zikalakwika. Vuto la abodza ndi la mthunzi umodzi linathetsedwa ndi ndalama ndi malamulo kuposa masamu.

Loto la mawailesi ogwirizana okha popanda wowalamula likufufuzidwabe. Bungwe la DARPA linachititsa mpikisano wa zaka zitatu wotchedwa Spectrum Collaboration Challenge, momwe manetiweki a magulu osadziwana ankayenera kugawana mafunde ochepa, akuuzana zolinga zawo pakanjira kapadera kolankhulirana, popanda munthu wowagawira. Mpikisano womaliza unachitikira ku Los Angeles mu Okutobala 2019, ndipo gulu la GatorWings la ku University of Florida linapambana madola 2 miliyoni. Mawailesi onsewo ankapikisana m'kati mwa makina oyerekezera mlengalenga otchedwa Colosseum, amene pambuyo pake anasamutsidwira ku Northeastern University kuti ofufuza ena aziyeserapo njira zawo.